Tisamangotama kulimba kwa zipangizo zatsopano, tizifunsanso ngati zingamasuke

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo pa nkhani imene ambiri amaiona ngati ya anthu a m'mayunivesite okhaokha, pamene ine ndakhala nayo m'manja pafupifupi moyo wanga wonse wa ntchito. Kawirikawiri timawerenga kuti asayansi atulukira chipangizo cholimba kuposa chitsulo koma chopepuka kwambiri, ndipo nkhaniyo imathera pomwepo, tonse n'kugwedeza mitu kuti dziko lapita patsogolo. Kulimbako sindikukutsutsa. Ndagwira ntchito ya fibreglass, pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi, zaka 26, kuumba ndi kukonza maboti, matanki a madzi ndi zivundikiro za makina, moti kulimba kwa zinthu zimenezi ndimakudziwa ndi zala zanga. Koma pamene nkhani zoterezi zimathera m'pamene nkhawa yanga imayambira. Chinthu chimene tachilimbitsa chonchi, tsiku limene chidzatope tidzachimasula bwanji? Ndikamawerenga zimene akatswiri a kemisitiri akhala akutulutsa kuyambira m'chaka cha 2011, ndimaona kuti ntchito yaikulu ili poyankha funso limeneli, ndipo atolankhani sakuilemba mokwanira.

Zipangizo ndikunenazi pantchito timangoziti ma composite. Ganizo lake ndi lakale kwambiri. Aigupto akale ankasakaniza udzu m'dothi poumba njerwa kuti zisang'ambike zikamauma. Mtengo nawo ndi composite yachilengedwe, ulusi wa cellulose womatidwa ndi lignin, amene ali ngati utomoni. Ulusi pawokha umalimba ukamaukoka, koma sungaime chilili. Utomoni pawokha umaima, koma ukaumenya umasweka. Ukaziphatikiza, ulusi ndi umene umasenza katundu, ndipo utomoni umagwira ulusiwo pamalo pake n'kumagawira kachingwe kalikonse gawo lake la kulemera. Masiku ano ulusiwo umakhala wa galasi, wa kaboni kapena wa aramid ngati Kevlar, amene Stephanie Kwolek anatulukira ku kampani ya DuPont mu 1965. Utomoniwo ndi pulasitiki yamadzimadzi imene timaitcha resin, kawirikawiri ya polyester kapena ya epoxy.

Ndifotokoze mmene zimakhalira kuwekishopu, chifukwa popanda zimenezi zotsatirazo sizimveka. Umapaka sera m'chikombole, n'kupaka gelcoat, resin imene imadzakhala khungu losalala lakunja kwa chinthucho, kenako n'kuyala nsalu ya ulusi wa galasi. Resin umaithira hardener, mankhwala oichititsa kugwira, pang'ono chabe, gawo limodzi kapena awiri pa magawo 100 aliwonse, n'kutakasa. Kuyambira pamenepo nthawi si yako. Umapaka ndi bulashi, umapsinja ndi rola kuti mpweya wonse utuluke, ndipo pakatha mphindi ngati 20 resin ija yayamba kugwira. Ndili wachinyamata, tsiku lina kunja kukutentha, ndinasakaniza yambiri nthawi imodzi m'ndowa. Ndisanathe ngakhale theka, ndowa inayamba kutentha yokha, utsi unatuluka, ndipo chimene chinali madzi chinasanduka chimwala chong'ambikang'ambika. Amisiri amene ankandiphunzitsa sanakalipe. Anangondionetsa chimwalacho n'kundiuza kuti ndichiyang'ane bwino, chifukwa resin ikagwira yagwira, ilibe njira yobwerera. Mawu amenewo ndinawatenga ngati lamulo la chilengedwe kwa zaka zoposa 20. Tsopano ndikuona kuti linali lamulo la mankhwala amene tinali nawo nthawi imeneyo.

Chimachitika n'chiyani m'ndowamo? Mu 1920 katswiri wa ku Germany, Hermann Staudinger, ananena kuti zinthu ngati labala zimapangidwa ndi mamolekyulu aataliatali, timagawo ting'onoting'ono tolumikizana ngati unyolo. Anzake ambiri anamutsutsa, koma anali kunena zoona, ndipo mu 1953 analandira mphoto ya Nobel. Maunyolo amenewa ndiwo mapolima. M'mapulasitiki ena maunyolowa amangopiringizana ngati mulu wa zingwe, osamangana. Ukawatenthetsa zingwezo zimaterereka, pulasitiki imasungunuka, ndipo ungaiumbenso. Botolo la madzi lili m'gulu limeneli, la thermoplastic. Koma resin yathu ili m'gulu lina, la thermoset. Ikamagwira, zingwe zija zimamangana mfundo paliponse mpaka chinthu chonsecho, kaya ndi boti lathunthu, chimakhala ngati ukonde umodzi waukulu. Ukautenthetsa ukondewo susungunuka, umangopsa. Zili ngati njerwa yootcha, imene ngakhale uiviike m'madzi chaka chonse sibwereranso kukhala dothi. Pulasitiki yoyamba yopangidwa yonse ndi anthu, Bakelite ya Leo Baekeland ya mu 1907, inali ya mtundu umenewu, ndipo anthu anaikonda chifukwa cha kusasungunuka komweko. Mfundo zimene zimapatsa boti mphamvu yolimbana ndi mafunde, dzuwa ndi mafuta ndi zomwezonso zimene zimalikaniza kufa.

Kuseri kwa wekishopu iliyonse ya fibreglass imene ndagwiramo kunali mulu. Zidutswa zodulidwa m'mphepete, zikombole zotha ntchito, maboti amene eni ake anawasiya ataona kuti kukonza sikuthandizanso. Wogula zitsulo zakale amabwera, amatola chilichonse chachitsulo ngakhale kamsomali, koma mulu uja amaulambalala. Suola, suchita dzimbiri, chiswe sichiufuna. Ukauotcha umatulutsa utsi wakuda woipa m'chifuwa, n'kutsala ulusi wa galasi woyabwa umene mphepo imamwaza. Boti limene ndinaumba ndili ndi zaka 25 lidzakhalapo ine kulibe, ndipo ana a ana anga adzalipeza.

Kafukufuku wa Roland Geyer, Jenna Jambeck ndi Kara Lavender Law wa mu 2017 anapeza kuti mwa zinyalala zonse za pulasitiki zimene anthu anataya kufika mu 2015, matani pafupifupi 6.3 biliyoni, magawo 9 okha pa 100 ndi amene anakonzedwanso kukhala zinthu zina. Ndipotu zambiri mwa zinyalala zimenezo ndi za mtundu wosungunuka uja, wosavutawo. Nanga kuli bwanji wathuwu?

Mulu wanga ndi waung'ono poyerekeza ndi umene dziko likudziunjikira. Ndege ya Boeing 787, imene inayamba kunyamula anthu mu 2011, pafupifupi theka la kulemera kwa thupi lake ndi ma composite. Airbus A350 imapitirira theka pang'ono. Zimenezi n'zabwino, chifukwa ndege yopepuka imamwa mafuta ochepa. Mapiko a makina opangira magetsi ndi mphepo nawo ndi ulusi wa galasi, nthawi zina wa kaboni, womatidwa ndi resin. Phiko limodzi la makina a Haliade-X ndi lalitali mamita 107, kuposa bwalo la mpira. Makinawa amawapanga kuti agwire ntchito zaka 20 mpaka 25, ndipo mbali yaikulu ya kulemera kwake, chitsulo ndi kopa, imagulitsika mosavuta akatha ntchito. Mapiko ndiwo amatsala. Mu 2020 zithunzi za kumtaya wa zinyalala wa ku Casper, m'chigawo cha Wyoming ku United States, zinafala dziko lonse: mapiko mazanamazana odulidwa zidutswa, ondandalikidwa m'dzenje, makina akuwakwirira ndi dothi. Nditaziona ndinazindikira mulu wa kuseri kwa wekishopu yanga, kungoti waukulu. Ofufuza a ku yunivesite ya Cambridge, Pu Liu ndi Claire Barlow, anawerengera mu 2017 kuti pofika 2050 zinyalala za mapiko amenewa zidzakwana matani 43 miliyoni padziko lonse. Sindikulemba izi kuti ndinyoze magetsi a mphepo. Ndimawafuna kwambiri, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna kuti vuto limeneli lithe.

Njira zimene zilipo kale n'zongopepesera. Ena amagaya mapikowa n'kuwaponya m'ng'anjo za simenti, resin n'kukhala nkhuni, galasi n'kulowa m'simentimo. Ena amawatenthetsa m'malo opanda mpweya kuti resin ichoke, ulusi utsale. Pa ulusi wa kaboni zimenezi zili ndi phindu, chifukwa kuupanga watsopano kumadya magetsi ambiri: amayamba ndi ulusi wa polyacrylonitrile, kuuwamba pa madigiri 200 mpaka 300, kenako kuuotcha pa madigiri oposa 1,000. Komabe umatuluka waufupi ndi wopiringizana, wosayeneranso phiko la ndege. Ulusi wa galasi ukapsa chonchi umafooka kwambiri, ndipo watsopano ndi wosavuta kuupeza, ndiye palibe amene amaufuna wakalewo. Resin, imene inachokera ku mafuta a pansi pa nthaka, imangotayika yonse.

Apa m'pamene ndikufuna owerenga amve dzina la Ludwik Leibler. Mu 2011, iye ndi gulu lake ku sukulu ya ESPCI mumzinda wa Paris anasindikiza m'magazini ya Science zotsatira za ntchito imene ndinaiwerenga katatu ndisanaikhulupirire. Anatenga epoxy wamba, anaisakaniza ndi ma asidi ena m'malo mwa hardener wozolowereka, n'kuwonjezamo mchere wa zinc pang'ono. Chinatuluka ndi ukonde ngati uja ndafotokoza, wolimba, wosasungunuka m'mankhwala. Koma ukautenthetsa, mfundo zake zimayamba kusinthana. Mfundo imodzi ikamasuka apa, nthawi yomweyo ina yamangika pa chingwe choyandikana nacho. Chiwerengero cha mfundo sichitsika, choncho chinthucho sichisanduka madzi mwadzidzidzi ngati botolo la pamoto. Chimafewa pang'onopang'ono ngati galasi m'manja mwa woumba magalasi, ndipo n'chifukwa chake anachitcha vitrimer, kuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza galasi. Ungachipinde, ungachilumikize ndi chinzake popanda guluu, ungachigaye n'kuchipsinja pamoto kukhalanso chinthu chathunthu. Chikazizira mfundo zimaleka kusinthana, chimalimbanso ngati kale.

Mwina wowerenga amene sanagwirepo resin sangamve kukula kwa nkhaniyi. Kwa zaka zoposa 100 tinkadziwa kuti mapulasitiki ali m'magulu awiri, ndipo umasankha: ukafuna wosungunuka utaya kulimba pa kutentha, ukafuna wolimba utaya kusungunuka. Leibler anaonetsa kuti pali gulu lachitatu. Ine ndinaganiza za maola onse amene ndinathera ndikupala m'mphepete mwa chibowo cha boti, kupendeketsa bwinobwino kuti chigamba chigwire, ndikudziwa mumtima kuti chigambacho changomatirira pamwamba, sichinalowe mu ukonde wakale. Ndi resin ya mtundu watsopanowu, chigamba ndi thupi la boti zingathe kumangana mfundo zenizeni, kukhala chinthu chimodzi.

Koma ndisanamize anthu. Mfundo zimene zimasinthana pamoto zingathenso kusinthana pang'onopang'ono popanda moto wambiri, makamaka chinthu chikasenza katundu wolemera kwa zaka. Zikatero chimapindika mwakachetechete. Phiko la mamita 100 limene lapindika pang'ono lingamenye nsanamira yake. Mbali yaikulu ya kafukufuku wa ma vitrimer masiku ano ili pomwepa, kupeza mfundo zimene zimagona tulo tofa nato pa kutentha kwa masiku onse koma n'kudzuka msanga zikafika pa kutentha kumene mmisiri wasankha.

Ku Colorado, ku United States, ofufuza a labotale ya boma ya NREL anasindikiza mu Science mu 2024 za resin imene anaitcha PECAN, yopangidwa ndi mankhwala amene angachokere ku zomera. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti sanathere pa kachidutswa kokwana m'dzanja. Anaumba phiko la mamita 9 pogwiritsa ntchito njira zimene mafakitale amagwiritsa kale, anayesanso zinthu zoumbidwa ndi resin yomweyo ngati zikupindika kapena kuonongeka ndi nyengo, ndipo zinapirira. Kenako anaonetsa kuti zidutswa za phikolo zikaikidwa mu methanol wotentha, resin imamasuka m'maola 6, ulusi n'kutuluka. Makampani nawo sanagone. Siemens Gamesa inalengeza mu 2021 mapiko amene resin yake imamasuka mu asidi wofatsa wotenthetsedwa, ndipo oyamba anaikidwa mu 2022 pa makina a Kaskasi m'nyanja ya North Sea, kumbali ya Germany. Chaka chomwecho LM Wind Power inaumba ku Spain phiko la mamita 62 ndi resin ya Elium ya kampani ya Arkema, imene imathiridwa ngati madzi koma ikagwira imakhala ya mtundu wosungunuka.

Zonsezi zikuthandiza zinthu zimene zidzapangidwe mawa. Nanga zimene zilipo kale, zomangidwa ndi epoxy yakale ija yosabwerera? Funso limeneli ndi limene limandikhudza kwambiri, poti mulu wanga ndi wakale. Mu 2023 gulu la Troels Skrydstrup ku yunivesite ya Aarhus ku Denmark linasindikiza m'magazini ya Nature njira yodulira ukonde wa epoxy pamalo amodzi osankhidwa. Anagwiritsa ntchito catalyst, mankhwala amene amayendetsa ntchito koma iwo osatha nayo, wopangidwa ndi chitsulo chotchedwa ruthenium. Anadula kachidutswa ka phiko lenileni lotha ntchito, anakaika m'madzi a toluene ndi isopropanol pamodzi ndi catalyst uja pa madigiri 160, ndipo patatha masiku angapo resin inali itamasuka. Anapezamo ulusi wa galasi wosaonongeka, komanso bisphenol A, amene ndi chiyambi cha epoxy yambiri, woti n'kupangiranso resin yatsopano. Lumo lawo limadula pamene kaboni yagwirana ndi okosijeni m'mbali imodzi ya unyolo, kwina konse osakhudza. Kwa munthu amene anaphunzitsidwa kuti resin ikagwira yagwira, kuwerenga zimenezi kunali ngati kumva kuti njerwa yootcha yabwerera kukhala dothi.

Ofufuzawo sanabise kuti njirayi sinafike poti n'kulowa m'fakitale. Ruthenium ndi chimodzi mwa zitsulo zosowa kwambiri padziko, za m'banja la platinum. Masiku angapo pa kachidutswa kamodzi ndi nthawi yaitali ukaganiza za matani mamiliyoni. Bisphenol A naye ndi mankhwala ofunika kusamala nawo, chifukwa amasokoneza mahomoni m'thupi. Koma khomo limene tinkati ndi khoma latseguka, ndipo kampani ya Vestas, imene inkagwira ntchito ndi yunivesite yomweyo, inalengeza mu 2023 momwemo kuti ikukonza njira yake yomasulira epoxy ya mapiko akale ndi mankhwala opezeka mosavuta. Ndikuyembekezera kuona mapiko angati adzadutsedi m'njira imeneyi, chifukwa kulengeza ndi kuchita ndi zinthu ziwiri.

Pali ntchito ina imene ndimaikonda pa chifukwa changa ndekha. Ku yunivesite ya Illinois, Scott White, Nancy Sottos ndi Jeffrey Moore anatchuka mu 2001 ndi pulasitiki yodzichiritsa yokha. Anaika timakapusozi tosaoneka ndi maso m'kati mwa epoxy, todzaza ndi madzi otchedwa dicyclopentadiene. Mng'alu ukadutsa umaswa timakapusozito, madziwo amayenderera mumng'alumo, amakumana ndi catalyst womwazidwa m'menemo, n'kugwira. Chinthucho chinkapezanso pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mphamvu yake yokana kung'ambika, ngakhale kuti pamalo amodzi chimachira kamodzi kokha. Koma imene inandigwira mtima ndi ya mu 2018. Zigawo za ndege amaziphika m'ng'anjo zazikulu ngati nyumba kwa maola ambiri kuti resin igwire, ndipo magetsi amene amapita pamenepo ndi ochuluka zedi. Gulu lomweli linaonetsa kuti ndi resin yoyenera ungangogunda ngodya imodzi ndi chitsulo chamoto chowotcherera mawaya. Pamenepo resin imagwira n'kutulutsa kutentha, kutenthako kumayatsa gawo loyandikana nalo, ndipo mzere wa kugwira umayenda wokha m'nsalu yonse ya kaboni ngati moto wa lupsa, popanda ng'anjo. Kutentha kumeneku n'komwe kuja kunandiphikira ndowa ndili mnyamata. Chimene ife tinkachiopa n'kumachithawa posakaniza pang'onopang'ono, anzathuwa anachiweta kuti chiwagwirire ntchito.

Ndinenenso za ngozi, chifukwa nkhani zotama kulimba sizinena mmene zinthuzi zimafera. Chitsulo chikatopa chimakuchenjeza, chimapindika, chimachita dzimbiri poonekera. Composite ili ngati chikomekome cha mkuyu. Boti lingagunde mwala, kunja gelcoat ili phee, yosalala, koma m'kati nsalu zamatukana. Ife timatenga ndalama yachitsulo kapena kahamala kakang'ono n'kumagogoda pang'onopang'ono thupi lonse. Pamene pali bwino pamalira kuti ngwe, pamene pamatuka pamalira mogonthera. Okonza ndege amachitanso chimodzimodzi, kuwonjezera pa makina a ultrasound. Ndinakanapo kubweza boti kwa mwini wake amene ankaliona kuti lili bwino, ndipo nditapala pamene panalira mogontha ndinapeza malo aakulu ngati chikhatho changa kawiri pamene nsalu zinali zitasiyana, madzi atalowa. Pa 18 June 2023 sitima yoyenda pansi pa nyanja yotchedwa Titan, imene thupi lake linali la ulusi wa kaboni, inaphwanyika ikupita kukaona mabwinja a Titanic, amene ali pa kuya kwa mamita pafupifupi 3,800, ndipo anthu asanu anafa. Ofufuza a boma la United States anapeza kuti thupi lakelo silinayesedwe mokwanira ndiponso linali litaonongeka kale m'kati pa maulendo am'mbuyo. Ulusi wa kaboni suli wolakwa. Umalimba kwambiri ukamakokedwa, koma kupsinjidwa ndi madzi akuya mobwerezabwereza ndi nkhani ina, ndipo amene amaugwiritsa ntchito ayenera kudziwa kusiyana kwake. Resin yatsopano iliyonse, kaya ikhale yomasuka bwino chotani, iyenera kudutsa m'mayeso a zaka asanaipachike pamwamba pa mitu ya anthu. Kuchedwa kumeneku sindikuona ngati ulesi wa mafakitale.

Za graphene, kaboni wopyapyala ngati atomu imodzi amene ena amamuthira mu resin, ndinena mwachidule. Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anaipatula ku Manchester mu 2004, analandira Nobel mu 2010, ndipo n'zoona kuti kapepala kamodzi ka maatomu a kaboni amenewa n'kolimba modabwitsa. Koma kulimba kwa kapepala kamodzi si kulimba kwa boti. Ukaithira mu resin imakonda kuundana, ndipo chibuluma chilichonse chimakhala poyambira mng'alu. Aliyense amene anatakasapo ufa wa filler mu resin akudziwa vuto limeneli. Pamene yagawika bwino imathandizadi, makamaka poyendetsa kutentha ndi magetsi, koma dzina lake pa chitini si umboni wa chilichonse.

Chinthu china chimene sindichiona m'nkhani za zipangizo zamakono ndi munthu amene amazigwira. Resin ya polyester imanunkha styrene, fungo limene limakutsatira m'zovala mpaka kunyumba, ndipo ukagwira tsiku lonse m'chipinda chosapita mpweya mutu umalemera. Mu 2018 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa World Health Organization, linaika styrene m'gulu la mankhwala amene n'kutheka kwambiri kuti amayambitsa khansa. Epoxy imatha kuyambitsa ziwengo zoti munthu akazitenga sangayandikirenso ntchitoyo moyo wake wonse, ndipo ndinaona mnzanga waluso kwambiri akusiya ntchito manja atatupa ndi kusweka. Fumbi la popala limalowa m'khungu ndi m'mapapo. Zaka zanga zoyamba tinkangomanga kansalu pamphuno. Achinyamata amene ndimaphunzitsa tsopano sindiwalola kutsegula chitini alibe magolovesi ndi chophimba kumphuno chokhala ndi zosefera zoyenera. Choncho ndikamva za methanol wotentha, toluene ndi asidi zomasulira resin, ndimakondwera, komanso ndimafunsa kuti adzaime pambali pa thanki imeneyo ndani, ndipo adzavala chiyani. Wofufuza amagwira magalamu ochepa m'kabati yokoka mpweya. Amene adzagwire matani ndi anthu ngati ine.

Pempho langa kwa inu akonzi ndi atolankhani anu ndi lakuti mukamalemba za chipangizo chatsopano musathere pa kuchuluka kwa kulimba kwake. Mufunseni wofufuzayo kuti chimamasuka pa madigiri angati ndi m'mankhwala anji, chimatulukamo n'chiyani, ndipo chotulukacho chingapangenso chinthu chofanana ndi choyamba kapena chotsikirapo. Mumufunse ngati anayesa kachidutswa kokwana pa chikhadabo kapena phiko la mamita 9. Ofufuza abwino amayankha mafunso amenewa mosangalala, ndipo nthawi zambiri mayankho ake amakhala olembedwa kale m'malipoti awo, kumapeto kumene anthu ochepa amafika. Aphunzitsi a sayansi nawo angachite bwino kuuza ana kuti magulu a pulasitiki si awiri okha monga mabuku akale amanenera, chifukwa mwa anawo mungatuluke amene adzapeze catalyst wosafuna ruthenium.

Chidutswa cha chimwala cha m'ndowa chija ndidakali nacho. Chakhala pawindo la wekishopu zaka zonsezi, dzuwa langochisandutsa chachikasu, china chilichonse chili momwe chinalili. Ndimachionetsa kwa aliyense wobwera kudzaphunzira ntchito, tsiku lake loyamba, monga anandionetsera ine, koma masiku ano ndimawonjezera za Paris ndi Aarhus. Resin ya vitrimer sindinaigwirepo. Ndikudikira tsiku limene idzafike m'mgolo ngati resin ina iliyonse, pepala lake likufotokoza mbali imodzi mmene ungaisakanizire, mbali inayo mmene ungaimasulire. Manja akadali ndi mphamvu, ndikufuna ndidzaumbe nayo kaboti kamodzi, kayende pamadzi nyengo zingapo, kenako ndidzakamasule ndekha, ndione nsalu ya galasi ikutuluka yoyera, ndiiyalenso m'chikombole.

Ine wowerenga wanu,
Mmisiri wa fibreglass